Kwa achemwali a ku Yeoville: yambani ndi dzira, penti adikire kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Mangochi omwe akuluka tsitsi mu saluni ina ku Yeoville. Anapempha kuti dzina ndisatchule, koma funso lawo nali: "Ndimakonda kujambula kuyambira ndili ku pulayimale. Pano ndagula penti ndi maburashi, koma ndikapenta munthu nkhope imatuluka yaphwatalala ngati mbale. Komanso ndikajambula tsitsi lomwe ndaluka n'kukonza chithunzicho pafoni, khungu la kasitomala limatuwa ngati wadzola phulusa. Ndiyambire pati? Kapena mphatsoyi ndilibe?"

Achemwali, za mphatso musadandaule. Dzanja lomwe limatha maola asanu likuwongola mizere pamutu pa munthu silingalephere pensulo. Ndipo mavuto awiri mwatchulawa mayi wake ndi mmodzi: maso anu sanazolowere kuona pomwe pali kuwala ndi pomwe pali mthunzi.

Tikamayamba, tonse timajambula zomwe tikudziwa. Tikudziwa kuti munthu ali ndi maso awiri, mphuno ndi pakamwa, ndiye timazunguliza chilichonse ndi mzere. Koma tayang'anitsitsani nkhope ya mnzanu wa mu saluni. Mzere wozungulira mphuno mulibe. Pali mbali yomwe kuwala kwagunda, mbali ina yabisala, ndi kamthunzi pansi pake. Mthunzi umenewo ndi womwe umatukula mphuno kuchoka papepala.

Ndiye penti uja mutsekereni m'kabati kwa mwezi umodzi. Gulani mapensulo atatu, HB, 2B ndi 6B (6B ndiye yakuda kwambiri), labala, ndi kope lopanda mizere. Tsamba loyamba jambulani timabokosi tisanu tondondozana. Koyamba kasiyeni koyera, komaliza kadetseni ndi 6B mpaka pensulo ikane, atatu apakatiwo azida pang'onopang'ono. Kenako tengani dzira, liikeni pawindo m'mawa, zimitsani babu kuti kuwala kuzichokera mbali imodzi. Tsinzinani pang'ono, osatseka maso, mpaka dziralo lioneke mbuu. Mudzaona zigawo: powala kwambiri, pakatikati, pakuda, ndi mthunzi womwe lagwetsa. Mukadekha mudzaonanso kakuwala kofooka kunsi kwa mbali yakudayo, kochokera pomwe dzira lakhala. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Jambulani zigawo zimenezo, mphindi 20 tsiku lililonse. Chipumi, tsaya ndi chibwano zimalandira kuwala ngati dzira lomwelo.

Ndikukakamira zimenezi chifukwa ine ndinataya chaka. Nditafika kuno ku Joni ndinkapenta nyumba za anthu cha ku Randburg, ndipo malipiro oyamba ndinagulira penti wa mafuta wodula. Zonse zomwe ndinapenta zinali matope. Anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wolemba zikwangwani, yemwe anandipatsa khala la pambaula ndi katoni, n'kundiuza kuti ndisakhudze mtundu uliwonse mpaka kapu yomwe ndajambula ioneke kuti mungamweremo. Makala musawaderere. William Kentridge, wobadwira mu Johannesburg muno mu 1955, anatchuka dziko lonse ndi zojambula za makala. Amajambula, kufufuta, kujambulanso papepala lomwelo, n'kumatola chithunzi ulendo uliwonse mpaka zipange kanema. Kwa iye kufufuta ndi kujambula komwe, ndiye nanunso labala muzitulutsira kuwala pamalo omwe mwadetsa.

Muli ndi mwayi womwe ojambula ambiri amaulipirira: anthu okhala phee kwa maola. Mnzanu akamaluka inu mulibe kasitomala, pemphani chilolezo, tulutsani kope.

Mwezi ukatha, tsegulani kabati. Ngati penti wanu ndi acrylic, mwasankha bwino, amasungunuka ndi madzi ndipo sanunkha m'chipinda chogona. Kungoti amauma msanga, makamaka mu June ndi July pomwe mpweya wa kuno umauma gwa. Kabotolo kopopera madzi komwe mumanyowetsera tsitsi kaja muzipopera pa mbale yosakanizira. Zithunzi zoyamba pentani ndi mitundu iwiri yokha, burnt umber (bulauni woderapo) ndi woyera, monga munkachitira ndi pensulo. Yambani ndi burashi yaikulu, zigawo zikuluzikulu. Nsidze ndi ndolo zibwere kumapeto.

Pa khungu lathu ndiimepo pang'ono, chifukwa mavidiyo ambiri a pa YouTube amaphunzitsa za khungu loyera. Munthu wakuda sapentedwa ndi bulauni wothira wakuda. Penti wakuda wa m'chubu amapha nkhope. Pofuna mthunzi sakanizani burnt umber ndi ultramarine blue, mudzapeza mdima wamoyo. Patsaya pamakhala kufiira, pakhosi pamakhala chikasu pang'ono, ndipo chipumi cha munthu woima panja chimatenga kubiriwira kwa thambo. Khungu lathu limanyezimira ndipo limabwereka mitundu ya zinthu zoyandikana nalo, ngakhale ya chitenje chomwe munthu wavala. Kukongola kwake kuli pamenepo.

Tsopano za phulusa lija. Ndikuganiza kuti mumajambula m'kati mwa saluni, magetsi a machubu ali pamwamba, khomo lowala lili kumbuyo kwa kasitomala. Foni imaona kuwala kwa kumbuyoko n'kudetsa munthu. Inu pofuna kukonza mumakweza Brightness, yomwe imayeretsa chilichonse, ndi malo oyenera kukhala akuda omwe. Mthunzi ukachoka, khungu limatuwa. Ndi nkhope yaphwatalala yomwe ija, yangosamukira mufoni.

Ntchito yaikulu ichitike musanadine. Pukutani galasi la kamera, poti zala za mu saluni sizisowa mafuta. Muimikeni kasitomala pakhomo, nkhope iloze panja, pamthunzi osati padzuwa la masana. Zimitsani Beauty, yosalalitsa khungu ija, yomwe mafoni ambiri amabwera nayo. Dinani pankhope pake pasikirini kuti foni iyezere kuwala pamenepo. Pokonza, pulogalamu ya pafoni ya Snapseed ndi yaulere ndipo ikukwanirani. Mu Tune Image kwezani Shadows pang'ono, tsitsani Highlights ngati chipumi chikuthwanima, onjezani Warmth pang'ono ngati magetsi anaziziritsa khungu. Pa tsitsi gwiritsani Selective, dinani pamalukopo n'kukweza Structure pamenepo pokha kuti mizere yanu ioneke. Pofuna kudziyesa, tsitsani Saturation mpaka mitundu yonse ithe, muone ngati timabokosi tanu tisanu tonse tilimo m'chithunzicho, kenako bwezerani. Chithunzi choyambirira musachifufute, ndipo potumiza pa WhatsApp sankhani HD.

Chimodzi ndikupempheni: musayeretse khungu la kasitomala. Ena adzakuuzani kuti muwawalitse, ndikudziwa. Aonetseni chithunzi chojambulidwa pakuwala kwabwino ali mmene alili, ambiri amakhutira. Zanele Muholi, wojambula ndi kamera yemwe anaphunzira pa sukulu ya Market Photo Workshop ku Newtown, amachita kudetsa dala khungu lake pa zithunzi zodzijambula yekha, ndipo zithunzizo zaonetsedwa m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi. Sukulu imeneyi anaiyambitsa David Goldblatt mu 1989, ndipo ili ndi maphunziro a oyamba kumene. Mukasunga kangachepe, kafunseni.

Tsiku lomwe mwapuma, kwerani taxi mupite ku Wits Art Museum ku Braamfontein. Polowa salipiritsa. Musathamangire kuona zonse. Sankhani chithunzi chimodzi, imani patsogolo pake mphindi khumi, tsinzinani monga pa dzira paja, mupeze komwe kuwala kukuchokera. Mufufuzenso ntchito za Gerard Sekoto. Anali mphunzitsi, kupenta anadziphunzitsa yekha kwambiri, ndipo atafika ku Sophiatown mu 1938 ankapenta misewu ndi anthu omwe ankakhala nawo. Mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake, choyamba cha munthu wakuda kulowa m'nyumba imeneyo. Onani mmene ankagonekera mithunzi ya anthu pamsewu.

Pa tsamba lililonse la kope lanu muzilemba deti, ndipo musang'ambe ngakhale limodzi, loipa lomwe. Mwezi ukatha munditumizire dzira la tsiku loyamba, la tsiku lomaliza, ndi chithunzi chimodzi cha pakhomo pa saluni chomwe simunachikonze. Tidzakonzera limodzi.