Kanyimbo ka masekondi 30 kangadyetse banja?

Mnyamata wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo. Akuti ali ndi kompyuta ndi maikolofoni kuchipinda kwake, amapanga mabiti (zoimbira za nyimbo zopanda mawu a woimba), ndipo a kampani ina ya ku Lilongwe amupempha kanyimbo kotsatsa malonda pa wailesi yakanema. Akufunsa kuti, kodi muli ndalama mmenemu, nanga awatchajire bwanji?

Achimwene, ndalama zilimo. Koma sizikhala mu biti yanu ayi, zimakhala papepala lomwe musayinirane.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Zaka zapitazo ndinaimbira kampani ina kanyimbo kotere, anandipatsa ndalama m'manja, ine n'kukwera minibasi yobwerera kwathu ku Dedza mano ali panja. Tinangogwirizana pakamwa kuti kaziulutsidwa pa TV nyengo ya Khirisimasi. Chaka chinatha, china n'kutha, mawu anga akungomveka, mpaka pa wailesi ndi pagalimoto ya zimkuzamawu pamsika. Nditapita kukadandaula anandifunsa kuti, "Pepala lake lili kuti?" Ndinabwerako manja ali m'khosi.

Ndiye potchaja, gawani zinthu pawiri. Pali mtengo wa thukuta: kupeka, kujambula, kulipira woimba nanu, ndi magetsi omwe. Palinso mtengo woti iwo agwiritse ntchito nyimboyo, ndipo apa ndi pamene pagona nyama. Miyezi itatu pa MBC TV pokha si chimodzimodzi ndi chaka chathunthu pa Times, Zodiak, Mibawa ndi Facebook yomwe. Lembani nthawi, lembani malo, lembaninso kuti nthawi ikatha n'kufuna kupitiriza, alipiranso. Akanena kuti akufuna kuigula yonse ikhale yawo, musakane, koma mtengo ukwere kwambiri, chifukwa mwagulitsa nkhuku ndi mazira omwe. Theka la ndalama mulandire musanayatse kompyuta. Muikenso malire a kukonza, chifukwa abwana ena lero afuna gitala, mawa mkazi wawo sanaikonde gitalayo.

Wokuuzani kuti "tikutchukitsa" m'malo mokulipirani, mufunseni ngati kuchigayo amalandira kutchuka.

Musaiwale COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso lomwe linayamba ntchito mu 1992. Lamulo lomwe tikuyendera pano ndi la mu 2016. Kalembetseni, ndipo nyimbo zanu muzikazionetsa kumeneko kuti umwini wanu ukhale ndi mboni. Mukafuna kutengako nyimbo ya makolo, kaya ya ingoma ya kwathu kwa Gomani kaya ya kudambwe, afunseni kaye, poti lamulolo limatetezanso zachikhalidwe. Ndipotu za kudambwe sizoseweretsa potsatsa sopo, akuluakulu akhoza kukuitanani kubwalo. Mabiti otola pa YouTube asiyeni ndithu. Mwini wake akatulukira, kampani idzaloza inu.

Za luso lenilenilo sindichulutsa. Masekondi 30 alibe malo a mawu oyamba ataliatali. Dzina la katundu limveke msanga, libwerenso kumapeto, ndipo musiye mpata pakati woti wolengeza alankhulepo. Mukamaliza, kaimbireni mwana wa sitandade 2. Akamakaimba yekha popita kumjigo, mwakhoza. Mumvetserenso pa kasipika ka foni ndi ka TV yotchipa, chifukwa mabezi, kugunda kwa besi kuja, amene akugwedeza chipinda chanu sadzamveka m'nyumba zambiri.

Ntchito zazikulu zimadzera m'makampani okonza zotsatsa a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo iwo amafuna kumva zomwe munapangapo kale. Poyambira muli napo pakhomo pomwepo. Lizulu yadzaza ndi ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a kachewere ndi tomato, ndipo Bembeke FM ili chapafupi. Pangirani awiri atatu mwa amenewa tinyimbo ta pa wailesi, mutisunge m'foni, ndipo tsiku lokakumana ndi a ku Lilongwe aja mutenge mapepala awiri, lina lawo lina lanu.