Mota ya makina othirira tiyi m'mapaketi ikunjenjemera: kodi 1/32 ndiye mankhwala ake?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Luchenza amene akudzipangira makina othirira tiyi m'mapaketi a magalamu 50. Ali ndi mota ya stepper (yozungulira sitepe ndi sitepe) ya NEMA 17, driver (kabodi koyendetsa motayo) ya A4988 ndi Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kolamulira zonse), ndipo motayo imazungulitsa chitsulo chopotana chimene chimakankhira tiyi m'paketi. Akuti makinawo akulira ngati chigayo, tebulo lonse likugwedezeka, ndipo paketi ina ikulemera 47, ina 54. Mnzawo wawauza kuti agule driver ina, DRV8825, aike pa 1/32 (kugawa sitepe iliyonse ya mota m'timasitepe 32, njira yotchedwa microstepping), basi zonse zitheratu. Akufunsa ngati zili zoona.

Achimwene, zikomo pondilembera. Ndasangalala kumva kuti kwathu kuno, komwe tiyi timamuona tikangotsegula chitseko, wina akupanga yekha makina m'malo modikira ochokera kunja. Koma mavuto anu ndi awiri, ndipo microstepping ichiza limodzi lokha.

Tiyambe ndi phokoso. Mota yanu imasuntha madigiri 1.8 pa sitepe iliyonse, kutanthauza masitepe 200 kuti izungulire kamodzi. Mkati mwake muli makoyilo awiri. Ngati mapini a MS1, MS2 ndi MS3 pa A4988 (osankhira kagawidwe ka sitepe) simunawalumikize, ndiye kuti ikuyenda masitepe athunthu: magetsi amasintha mwadzidzidzi, shafti imakokedwa mwamphamvu, imapitirira pang'ono, n'kubwerera. Kugwedezeka mukukumvako n'kumeneko. Microstepping imachita ngati anthu awiri olandizana dengu lodzaza masamba: wina akulekerera pang'onopang'ono pamene mnzake akulandira pang'onopang'ono, dengu silidzidzimuka. Driver imachepetsa magetsi m'koyilo imodzi uku ikuwonjezera m'inzake, shafti n'kumayenda mosalala. Pamenepa mnzanu sananame, ndipo simufunika kugula kanthu, poti A4988 yanuyo imafika pa 1/16 mukalumikiza mapini atatu onsewo ku 5V.

Pomwe ndikusiyana naye ndi pa ganizo loti kugawa kwambiri ndiye kulondola kwambiri. Mphamvu imene imakankha shafti kuchoka pa kasitepe kamodzi kupita pa kena imachepa mukamagawa: pa 1/8 imatsala pafupifupi 20 pa 100 ya mphamvu yogwirira ya mota, pa 1/16 pafupifupi 10, pa 1/32 pafupifupi 5 yokha. Sikuti mota yafooka ayi. Chimene chimachitika n'choti tiyi akathinana m'chitsulo chija, Arduino imatumiza ma pulse angapo (pulse iliyonse ndi lamulo losuntha kasitepe kamodzi) shafti ili phee, kenaka n'kulumpha kamodzi mphamvu ikakwanira. Pa pepala muli ndi malo 6400 pa kuzungulira kumodzi, koma shafti siima pa onsewo. Ndiponso opanga mota zambiri amangolonjeza kuti shafti siphonya kuposa 5 pa 100 ya sitepe yathunthu.

Palinso liwiro. Ngati mukugwiritsa ntchito AccelStepper, pulogalamu ya Arduino yoyendetsera mota zotere, Uno imakwanitsa ma pulse pafupifupi 4000 pa sekondi. Pa 1/32 mota sidzazungulira n'kamodzi komwe pa sekondi, pomwe pa 1/8, pofunika ma pulse 1600, izungulira kawiri ndi theka. Ine ndikanaika pa 1/8, n'kuuza pulogalamu kuti iziyamba pang'onopang'ono ndi kuima pang'onopang'ono. Mukafuna mphamvu yeniyeni, ikani lamba wa GT2, pulley ya mano 20 ku mota ndi ya mano 60 ku chitsulo chopotana. Apo mphamvu ndi kulondola zikwera katatu, osati pa pepala pokha.

Musanayatse, onani kasikuluwu kakang'ono kali pa driver, kosinthira kuchuluka kwa magetsi opita ku mota. Anthu ambiri amakasiya momwe kanabwerera, kenaka n'kumadandaula kuti mota ikutentha kapena ikudumpha masitepe. Werengani tima resistor tiwiri tili pambali pa chip. Ngati talembedwa R100, ndiye kuti 0.8V pa kasikuluwuko, poyeza ndi multimeter, ikupereka 1A. Kupitirira apo A4988 imafuna kachitsulo koziziritsira ndi kafani. Ikaninso capacitor ya 100 µF polowera magetsi a mota. Ndipo chonde, musamazule waya wa mota magetsi ali oyaka. Ndinapsereza driver yanga yoyamba mwanjira imeneyi, ndipo kudikira ina kunandiimitsa ntchito masabata angapo.

Tsopano magalamu aja, omwe ndikuona kuti ndiwo akukusowetsani tulo. Chitsulo chopotana chimayeza kuchuluka, sichiyeza kulemera. Tiyi amayamwa chinyezi, ndipo nonse mukudziwa momwe chiperoni chimakhalira chikatsika kuno ku Thyolo ndi Mulanje. Tiyi wa tsiku la nkhungu sayenda m'chitsulo ngati wa tsiku la dzuwa, wosalala sadzaza ngati wa masamba okulirapo, ndipo chotengera tiyi chikadzaza pamwamba chimapanikiza kuposa chikatsala pang'ono kutha. Mota ikhoza kuzungulira mofanana ndendende nthawi zonse, magalamu n'kumasiyanabe. Palibe driver ingakonze zimenezi.

Chofunika ndi sikelo pansi pa paketi: load cell (kachitsulo koyeza kulemera) ya 1 kg ndi kabodi koiwerenga ka HX711, kamene kamalumikizana ndi Uno ndi mawaya awiri okha a uthenga. Lembani pulogalamu kuti mota ithamange mpaka sikelo iwerenge 45, kenaka izidontheza pang'onopang'ono mpaka 50. Apa ndi pamene microstepping ikuthandizeni kwenikweni, chifukwa pa liwiro lochepa chotero masitepe athunthu amagwedeza chitsulo, tiyi n'kumagwa mwachibumi, sikelo nayo n'kumasokonezeka. Sikeloyo muiike pa thabwa lakelake, losakhudzana ndi pomwe mwamangirira mota.

Mukasintha, yezani mapaketi 20 otsatizana m'mawa ndi ena 20 masana, munditumizire manambalawo pamodzi ndi zimene zalembedwa pa chikwangwani cha mota, kuti tiwerengere limodzi magetsi oyenera.