Mayi, patitaimu ija dikirani kaye

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo ya mayi wina, akuti mwana wawo wa Sitandade 7 sakhazikika, homuweki amaiwala, makope amangotaya, ndiye amulipirire patitaimu mayeso a PSLCE asanafike kapena ayi? Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga kawiri kenako foni ndinaiika kaye pansi, chifukwa mwana mukunenayo ndine ndemwe zaka zimenezo.

Ine makope ndinkanyamulira mu jumbo ya shuga, ndipo pofika pakati pa teremu kumakhala kwatsala kope limodzi lokha. Masamu kutsogolo, Chichewa kumbuyo, zaulimi penapake pakati mozondoka. Bolopeni sinkagona nayo masiku atatu. Monita akamalemba mayina a olongolola dzina langa ankayamba kulemba ndisanatsegule nkomwe pakamwa, akuti posunga nthawi. Ndatchetcha udzu ine, ndakumba maenje a zinyalala okwanira mudzi wonse. Ndipo chomwe chinkandiwawa si chikwapu ayi, koma mawu aja akuti "mutu uli bwinobwino koma ulesi". Ulesi wanji munthu ndakhala pa mphasa ola lathunthu, kope lili chotsegula, ndikufunitsitsa kuyamba koma dzanja osayamba?

Bambo anga, mzimu wawo uwuse mumtendere, anachita zomwe inu mukuganizazi. Anandilipirira patitaimu kwa aphunzitsi ena, pakhonde la nyumba yawo. Tinalipo ana oposa 30, iwo kulemba manotsi pa bolodi ife kukopera, maola awiri, titaweruka kale kusukulu ndi njala. Zomwe ndinatolako kumeneko ndi kuchuluka kwa misomali ya pamalata awo, ndinkaiwerenga tsiku lililonse. Sitandade 8 ndinabwereza.

Ndiye ndinene mosapsatira, patitaimu yamtundu umenewo kwa mwana ngati wanuyo ndi kutaya ndalama basi. Vuto lake si kuti sanamve zomwe aphunzitsi ananena m'mawa ndiye akufunika kuzimvanso madzulo. Vuto ndi kuyamba ntchito, kudziwa choyambira, kukumbukira kuti pali homuweki, komanso kuimva nthawi mmene ikuyendera. Mwana wotere kwa iye kuli nthawi ziwiri zokha, panopa ndi "nthawi ina", ndipo mayeso a mwezi wamawa amakhala ku nthawi inayo mpaka usiku woti mawa akulemba.

Amene anandipulumutsa ndi achemwali anga, omwe sukulu anasiyira Fomu 2. Sanandiphunzitse ngakhale samu imodzi. Ankangondikhazika pafupi ndi mbaula, iwo akusankha nyemba pa lichero, nkunena kuti "panga masamu atatu okha madziwa asanawire". Madzi akawira ndinkadzuka, kuthamanga kukatunga madzi ena kapena kumenya mpira kukhoma pang'ono, nkubwerera, ena atatu mpaka phala la nsima lithithime. Ndikayamba kuyang'ana nkhuku ankangogogoda lichero, osakalipa. Usiku tisanagone jumbo ija tinkaikhuthulira pansi, kuwerenga makope limodzi limodzi, nkuipachika pa msomali wa pachitseko kuti m'mawa indigunde pamutu. Patapita zaka zambiri ndi pomwe ndinamva kuti ku Italy kuli mkulu wina, Francesco Cirillo, amene cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayambitsa njira yowerengera mphindi 25 nkupuma 5, akuti Pomodoro chifukwa kawotchi kake kakukhitchini kanali kooneka ngati tomato. Ndinaseka ndekha. Ife yathu inali ya sefuliya.

Apa ndipatukeko pang'ono chifukwa ndikudziwa ena ayamba kale kuti ADHD, dzina lomwe achipatala amapatsa vuto la kusakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi matenda a azungu, kapena ndi mafoniwa, kapena mwana anamulodza. Dokotala wa ana George Still anafotokoza za ana oterewa ku London mu 1902, foni yam'manja kulibe, TikTok kulibe. Ana otere analipo kuyambira kale, kungoti tinkawatchula osamva, opulupudza, a mutu waukulu. Aphunzitsinso sindingawade kwambiri, chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 kalasi ya ana 100 si nkhani yodabwitsa, munthu mmodzi angadziwe bwanji kuti uyu wapakona wasochera pa samu yachiwiri? Koma chikwapu chokha ayi, chimenecho sindidzachikhululukira, chinangondiphunzitsa kunama kuti kope ndaiwala kunyumba.

Nanga mutani?

Choyamba musathamangire kumupatsa dzina la matenda chifukwa cha zomwe ndalemba ine, sindine dokotala. Mwana wosaona bwino pa bolodi, wosamva bwino, wogona mochedwa kapena wopita kusukulu m'mimba muli pululu amaonekanso chimodzimodzi. Achipatala amayang'ana ngati zizindikiro zinayamba asanakwane zaka 12, zatha miyezi 6, ndipo zikuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe, osati kumodzi. Yambirani kuchipatala cha boma lanu, angathe kukutumizani ku Queens ku Blantyre, ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu. Mankhwala alipo, monga methylphenidate, koma zimenezo ndi za adokotala. Funsaninso ahedi ngati pasukulupo kapena mu zoni yanu muli mphunzitsi wa maphunziro apadera, ambiri a iwo anaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu.

Mukafunabe wolipidwa, pezani woti azikhala ndi mwana wanu yekha kapena awiri basi, mphindi 40 zokwana, katatu pa sabata kusiyana ndi maola atatu Loweruka. Mumufunse funso limodzi, "mwana akayamba kuyang'ana pawindo mumatani?" Akati amadziwa kuwongola ana, mutsanzikeni. Ntchito yake yoyamba ikhale kutsegula chikwama ndi mwanayo, kulemba homuweki yonse pa pepala limodzi, nkusankha chimodzi choyambira. Wophunzira wa Fomu 4 wapafupi nanu woleza mtima angathe zimenezi. Ndipo aphunzitsi ake apempheni amukhazike kutsogolo, kutali ndi windo.

Imelo yanu ndimafuna kuiyankha Lachitatu m'mawa, lero ndi Lamulungu. Pepani mayi.