Musadalire matikiti okha

Achemwali, matikiti okha sangayendetse chikondwerero chanu cha mafilimu a akazi okondana ndi akazi anzawo komanso omenyera ufulu wa amayi. Ndalama muzisonkhanitsa chaka chonse. Ife pa chikondwerero chathu, chaka choyamba tinkaganiza kuti poti tonse ndife ongodzipereka, zinthu zitchipa. Tinadzidzimuka. Eni mafilimu amafuna ndalama ya chilolezo nthawi iliyonse mukaonetsa, holo nayo ndi yolipira, womasulira mawu apansi pa filimu nayenso ayenera kulandira kangachepe.

Pano timaonetsa filimu imodzi mwezi uliwonse, mamembala amasonkha, ndipo makalata opempha thandizo timalemba kudakali miyezi 6 kuti chikondwerero chichitike. Malisiti ndimasunga m'bokosi limodzi, ngakhale aja ofufutika m'chikwama.

Za misonkho ndi kulembetsa bungwe, chonde kaonaneni ndi akawuntanti kapena loya musanatsegule akaunti ku banki.