Mliri utabweranso, chipatala chaching'ono chiyambire pati?

Wina mwa owerenga athu watumiza imelo. Ali m'komiti yoyang'anira chipatala chaching'ono chakumudzi, cha mabedi ochepa ndi anamwino owerengeka, ndipo akufunsa kuti mliri wa matenda a m'mapapo ngati COVID-19 utabweranso chipatala chotere chikonzekere bwanji, komanso ngati ndalama zochepa zomwe komiti yasonkha zingagulire ventilator, makina opumitsa wodwala amene sakutha kupuma yekha.

Ventilator musagule. Imafuna munthu wodziwa kugoneka wodwala ndi kumulowetsa chubu pakhosi, namwino wosachoka pambali pake usana ndi usiku, ndi magetsi osathima. Popanda izi imangokhala pakona n'kumatola fumbi. Ambiri ofika akubanika amapulumuka ndi okosijeni wamba, bola aupeze msanga ndipo usadukize. Ndalama zanu zipite kumeneko.

Werengerani bwino, chifukwa ambiri amaphonya pomwepa. Silinda yaikulu imasunga malita pafupifupi 6,800. Wodwala kwambiri, amene ali pa masiki ya thumba, amafuna malita 10 mpaka 15 pa mphindi, kotero silinda imodzi imatha pa maola 11, mwinanso osakwana 8. Odwala atatu otere amamaliza masilinda oposa 6 pa tsiku, ndipo kodzadzitsa n'kutali. N'chifukwa chake chipatala chakumudzi chimadalira concentrator, makina osefa okosijeni kuchokera mumpweya wa m'chipinda, opereka malita 5 kapena 10 pa mphindi. Masilinda akhale ogwira pamene magetsi athima, ndipo iliyonse ikhale ndi regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mpweya wotuluka m'silinda) ndi sipanala yake yomangirira pomwepo, osati m'kabati ya munthu amene waweruka.

Concentrator imaphedwa ndi fumbi, chinyezi ndi magetsi obwera mwamphamvu. Kasiponji kosefa kakunja kachapidwe sabata iliyonse ndipo kaume kaye kasanabwezeretsedwe; khalani ndi kena kosinthira. Makina asagunde khoma, apume. Aliwonse akhale ndi chotetezera mphamvu ya magetsi. Choipa chake n'chakuti akatopa amalirabe bwinobwino uku akutulutsa mpweya wofooka, choncho gulaninso kachipangizo koyezera mphamvu ya okosijeni. Akatsika pansi pa 82 peresenti, makinawo akonzedwe.

Chinanso chotsika mtengo ndi pulse oximeter, kopanira pachala kaja. Odwala COVID-19 ena ankacheza bwinobwino okosijeni wam'magazi atatsika kale. Wamkulu akakhala pansi pa 90 peresenti ayambe okosijeni. Mayi woyembekezera asungidwe pa 92 mpaka 95. Koma kachipangizoka kamanama chala chikazizira kapena chikapakidwa utoto, ndipo pakhungu lakuda kamatha kuwonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Namwino awerengenso kapumidwe: kwa wamkulu, kupitirira 30 pa mphindi ndiye kuti zavuta, kaya nambala ikuti chiyani. Wodwala amene ali maso agone chafufumimba maola angapo, zimathandiza mapapo. Kwa odwala COVID-19, dexamethasone (mankhwala ochepetsa kutupa) wa 6 mg kamodzi pa tsiku, osapitirira masiku 10, ndi wa okhawo ali pa okosijeni, monga kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anasonyezera mu 2020. Kwa odwala pang'ono sathandiza, ndipo amakweza shuga, ndiye shugayo ayezedwe.

Kusintha kwina sikudya ndalama zambiri. Kusankha odwala kuchitikire pageti, panja, pamthunzi kapena m'tenti. Wotsokomola, wotentha thupi kapena wobanika avale masiki pomwepo n'kudzera njira yakeyake. Amene akungoganiziridwa asagone pamodzi ndi otsimikizika, apo ayi wobwera ndi chibayo wamba atengera mliri m'wodi momwemo. Mabedi atalikirane mita imodzi kapena kuposerapo, mawindo a mbali zonse ziwiri akhale otsegula. Kumene kuli malungo, aliyense wotentha thupi ayezedwebe malungo.

Antchito ndiwo amayamba kutha zipangizo zisanathe. Agaweni magulu awiri osakumana, kuti wina akadwala gulu lonse lisapite kukabindikira n'kusiya wodi yopanda munthu. Amatha kutengera matenda osati pambali pa bedi pokha, pamene amasamala, komanso povula zodzitetezera atatopa, ndiponso m'kachipinda kopumira, pamene masiki avulidwa ndipo chitseko n'chotseka. Povula pakhale mnzake woyang'ana, ndipo manja asambidwe chikangochoka chovala chilichonse. Okolopa, ochapa ndi oyendetsa ambulansi aphunzitsidwe limodzi ndi anamwino. Amaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi amene amagwira zonyansa zambiri. Klorini wopukutira matebulo ndi mabedi akhale wa 0.1 peresenti: blitchi wa 5 peresenti, muyezo umodzi m'miyezo 49 ya madzi. Pamagazi ndi masanzi pamafunika 0.5 peresenti. Asungunulidwe watsopano tsiku lililonse, m'chidebe chovindikira, chifukwa dzuwa limamutha mphamvu.

Komiti yanu ili ndi ntchito imodzi imene anamwino sangaithe okha: kuwauza anthu kuti chipatala sichinatseke. Pa mliri wa Ebola ku West Africa, kuyambira 2014 mpaka 2016, anthu ambiri anathawa zipatala, amayi n'kumachirira kunyumba, ana n'kuphonya katemera, ndipo chikuku chinabukanso pambuyo pake. Wodi ya amayi ikhale ndi khomo lake ndi antchito ake osalowa kwa odwala mliri. Omwa ma ARV, komanso a shuga ndi BP amene ali bwino, apatsidwe mankhwala a miyezi 3 kapena kuposerapo kuti mzere uchepe. Sikelo ya ana isaime. Igawidwe masiku ambiri, timagulu tating'ono, panja.

Ndipo musanatumize wodwala kuchipatala chachikulu, imbani foni kaye ngati bedi lilipo, muwerengere maola aulendo, n'kuika m'ambulansi okosijeni wokwana ulendowo kawiri.