Mmene mungadziwire chitofu cha gasi chodalirika

Amayi, mwafunsa kuti chitofu cha gasi cholimba mungachidziwe bwanji. Musakopeke ndi kunyezimira. Kaya mukugula ku Kamwala kaya pa Cairo Road mu Lusaka, auzeni ogulitsa achiyatse inu muli pomwepo. Lawi likhale la buluu. Likakhala lachikasu ndiye kuti mpweya sukulowa bwino, mapoto adzada ndi mwaye.

Zitsulo zokhazikapo poto zikhale zolemera ndithu, poti kuvundula nsima kumafuna mphamvu ndipo zopyapyala zimapindika. Funsaninso ngati chimatseka gasi chokha lawi likazima, makamaka mu uvuni. Choyatsira cha batire chimagwirabe ntchito magetsi akathima.

Mukamanga paipi ndi regulator (kachipangizo ka pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi), pakani madzi a sopo polumikizira ponse. Pakatuluka thovu, gasi akuthawa: tsekani silinda msanga.