Tifunseni za foni ndi kompyuta: Andilanda WhatsApp, nditani?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mnzanga wa ku kwaya ananditumizira meseji pa WhatsApp kuti watumiza manambala 6 ku foni kwanga molakwitsa ndiye ndimubwezere, ine poona kuti ndi munthu womudziwa ndinangotumiza. Posakhalitsa WhatsApp yanga inatuluka yokha, pano abale akundiimbira kuti ndikuwapempha ndalama ati ndagonekedwa kuchipatala. Kodi ibwerera? Nanga mameseji anga akale akuwerenga?
Mayi wodandaula, Zomba

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, koma mtima pansi, ibwerera bola simu khadi yanu ikadali m'manja mwanu. Mnzanuyo musamukwiyire, si iye analemba, nayenso anali atamulanda kale akaunti ndipo mbavazo zimangoyenda choncho gulupu ndi gulupu. Zimene anachita n'zakuti analemba nambala yanu pa WhatsApp ya foni yawo, ndiye WhatsApp imatumiza manambala 6 pa SMS kwa mwini nambala kuti itsimikize kuti ndi iyeyo, manambala amenewo ndiye kiyi wa nyumba yanu ndipo munawapatsa nokha. Palibe munthu angatumize manambala akewo ku foni kwanu molakwitsa, akafika kwa inu ndi anu basi.

Chitani izi lero lomwe. Tsegulani WhatsApp, lembani nambala yanu, dikirani SMS ina ya manambala 6 kapena sankhani kuti akuimbireni, mukangowalowetsa wakubayo amatulutsidwa pompo chifukwa nambala imodzi singalembetsedwe pa mafoni awiri nthawi imodzi. Ikakufunsani PIN yomwe simunaikepo ndiye kuti iyeyo anatchera two-step verification (loko yachiwiri yofuna PIN polembetsa nambala), pamenepo mudikira masiku 7 kuti mulowe popanda PIN, n'zowawa koma dziwani kuti iyenso amakhala ali kunja. Podikirapo musakhale chete, imbirani abale, a ku mpingo, a ku banki m'khonde, onse adziwe kuti asatumize kalikonse pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo amene watumiza kale aimbire kampani yake msanga n'kukanena kupolisi, uwu ndi mlandu ndithu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo.

Za mameseji akale musade nkhawa kwambiri, amasungidwa m'foni mwanu kapena mu backup ya pa akaunti yanu ya Google, wakubayo amangoona magulupu amene mulimo ndi mameseji atsopano amene akulowa. Mukabwerera pitani pa Settings, Account, Two-step verification, ikani PIN yanu ya manambala 6 (osati tsiku lobadwa chonde) ndi imelo yomwe mumaitsegula. Onaninso pa Linked devices, pomwe pamaoneka mafoni ndi makompyuta ena olumikizidwa ku WhatsApp yanu, chilichonse chachilendo muchichotse. Zimandipweteka kuti chinthu cha mphindi ziwiri ngati ichi anthu ambiri amachidziwa atalira kale.

FUNSO: Ine ndilibe laputopu, ndikafuna kuprinta CV ndimapita ku kafe n'kutsegula Gmail pamenepo. Wina anandiuza kuti ndikangotseka Chrome ndiye kuti ndatuluka, zoona?
Mnyamata wofuna ntchito, Mzuzu

YANKHO: Ayi achimwene, anakunamizani. Kutseka windo si kutuluka, wobwera pambuyo panu akatsegula Gmail apeza makalata anu ali poyera, ndipo munthu akagwira imelo yanu angathe kusintha pasiwedi ya Facebook ndi zina zonse chifukwa link yosinthira imabwera komweko.

Mukakhala pa kompyuta ya eni, yambani ndi Ctrl+Shift+N pa Chrome, pa Firefox ndi Ctrl+Shift+P, imatseguka windo yomwe mukaitseka imaiwala history (masamba amene mwatsegula) ndi ma cookies (timafayilo tokumbukira kuti munalowa mu akaunti). Ikakufunsani zosunga pasiwedi kanani. Mukamaliza dinani chithunzi chanu pakona n'kupanga Sign out, kenako tsekani. Koma windo imeneyi, yomwe pa Chrome imatchedwa incognito, isakupusitseni kuti ndinu wosaoneka, mwini netiweki amathabe kuona masamba amene mwalowa, ndipo CV imene mwatsitsa ija imatsala mu Downloads ndi nambala yanu ya foni, adiresi, zonse, ndiye muifufute ndipo mukaichotsenso mu Recycle Bin. Ngati pa kompyutapo anaikapo pulogalamu yojambula zimene mukutayipa, incognito singakutetezeni, n'chifukwa chake ine ndimati njira yabwino ndi kusalemba pasiwedi pamenepo n'komwe, tsitsani CV pa foni, isungeni ngati PDF, muwapatse pa flash kapena muwatumizire kuti angoprinta.

Za makafe amene munapitako kale, tsegulani akaunti ya Google pa foni yanu, pitani pa Security kenako Your devices, muona makompyuta onse amene akaunti yanu ikadali yotsegula, tulutsani lililonse lomwe si lanu kenako musinthe pasiwedi.